Si mafuta onse amene ali adani a thupi

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa chiphunzitso chimene chafala pakati pa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, choti munthu wofuna moyo wathanzi azipewa mafuta a mtundu uliwonse. Chiphunzitsochi chimamveka m'magulu a WhatsApp ndi m'misonkhano ya amayi kutchalitchi, ndipo ochifalitsa amatero ndi mtima wabwino poona kuchuluka kwa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Koma ine, monga mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, chikundidetsa nkhawa, chifukwa pali gulu la mafuta lotchedwa polyunsaturated fats limene thupi limamangira maselo ake, ndipo ena mwa mafutawa thupi silingathe kuwapanga lokha.

Selo lililonse m'thupi mwathu limakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, kopangidwa ndi mizere iwiri ya timagawo ta mafuta. Kagawo kalikonse kali ndi michira yomwe ndi unyolo wa maatomu a kaboni. Pamene maatomu awiri a kaboni agwirana kawiri, unyolowo umapindika, ndipo mafuta amene tikukambawa ali ndi malo otero awiri kapena kuposerapo. Aliyense amene anamangapo mtolo amadziwa kuti nsungwi zowongoka zimathinana zolimba, pomwe nkhuni zokhotakhota zimasiya mipata. Ndi mmenenso zilili mu kachikopa ka selo: michira yopindika imakasiya kofewa, kotero kuti mapuloteni okhala mmenemo, amene amalowetsa shuga ndi mchere komanso kulandira mauthenga a mahomoni, amatha kusuntha ndi kugwira ntchito yawo. N'chifukwa chakenso mafuta a ng'ombe amaundana akazizira, koma a mpendadzuwa amakhalabe amadzimadzi ngakhale m'chisanu cha mu June.

Zoti mafuta ena ndi ofunika pa moyo zinadziwika mu 1929, pamene George Burr ndi mkazi wake Mildred, ku yunivesite ya Minnesota, anadyetsa makoswe chakudya chopanda mafuta konse. Makoswewo anasiya kukula, khungu lawo linachita mamba, ndipo anayamba kuchira atawapatsa mafuta okhala ndi linoleic acid. Lero tikudziwa kuti linoleic acid, wa m'banja la omega-6, ndi alpha-linolenic acid, wa m'banja la omega-3, tiyenera kuwapeza m'chakudya basi. Linoleic acid ndi amenenso amathandiza khungu kutseka bwino kuti madzi a m'thupi asamatayike.

Chimene ndikufuna kuti amayi ndi azilongo athu amvetsetse kwambiri ndi cha DHA, mafuta a omega-3 okhala ndi maatomu a kaboni 22 ndi malo opindika asanu ndi limodzi. DHA amapezeka wochuluka mu ubongo ndi m'maselo a kumbuyo kwa diso amene amalandira kuwala, momwe puloteni yogwira kuwalako imayenera kusintha maonekedwe ake mofulumira kwambiri kuti munthu aone. Mwana wosabadwa amasonkhanitsa DHA mochuluka m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, kuchokera m'magazi a mayi ake, ndipo akabadwa amapitiriza kumupeza mu mkaka wa m'mawere. Thupi limatha kusandutsa alpha-linolenic acid kukhala DHA, koma limatero pang'ono chabe, ndiye chifukwa chake nsomba, zimene zimakhala ndi DHA wopangika kale, ndi zofunika. Mayi woyembekezera akauzidwa kuti apewe chilichonse cha mafuta, mpaka nsomba ndi nsinjiro zomwe, amene wamanidwa ndi mwana amene ali m'mimbayo, pa nthawi imene ubongo wake ukukula mothamanga.

Ntchito ina ndi ya mauthenga. Selo likavulala kapena likakumana ndi tizilombo, limachotsa arachidonic acid, mafuta ena a m'banja la omega-6, mu kachikopa kake n'kupangira mankhwala otchedwa prostaglandins ndi ena a m'banja lomwelo. Mankhwalawa ndi amene amayambitsa ululu, kutupa ndi kutentha thupi polimbana ndi matenda, amathandiza magazi kuundana pa bala, amateteza mkati mwa chifu, ndiponso amathandiza chiberekero kukoka pa nthawi yobereka. Mu 1971 John Vane anaonetsa kuti aspirin amaletsa ululu potseka njira yopangira mankhwala amenewa, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene aspirin amapwetekera m'mimba mwa anthu ena. Mu 1982 iye pamodzi ndi Sune Bergström ndi Bengt Samuelsson analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku ameneyu.

Chosangalatsa n'chakuti zakudya zokhala ndi mafutawa si za anthu olemera okha. Kapenta wa ku Kariba, amene anabweretsedwa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ali mbwee ku Mbare Musika, ndipo usipa umene abale amabwera nawo kuchokera kumudzi ndi wa phindu lomwelo. Nsomba zazing'onozi zimapeza omega-3 kuchokera ku tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tam'madzi. Mtedza, chitowe, nthanga za maungu ndi mafuta a mpendadzuwa zili ndi omega-6 wambiri, pomwe mafuta a soya ali ndi mabanja onse awiri.

Sindikunena kuti tizithira mafuta osayeza. Galamu imodzi ya mafuta alionse imapereka makalole 9, kuposa kuwirikiza kawiri zimene galamu ya sitachi ya mu nsima imapereka, ndipo wochulutsa amanenepa. Komanso malo opindika aja ndi amene mpweya ndi moto zimawononga msanga, kotero kuti mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amasanduka zinthu zovulaza maselo omwe anayenera kuwamanga. Mu kachikopa ka selo muli vitamini E woteteza mafutawa, koma m'chiwaya mulibe chowateteza chokwanira. Ndimamvetsa kuti okazinga tchipisi ndi mandasi m'misewu ya ku Highfield ndi ku Mufakose amasunga mafuta akale chifukwa botolo latsopano ndi lodula, komabe mafuta akada, akamachita thovu kapena kununkha moipa, ayenera kutayidwa.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti atolankhani anu akamalemba zoti anthu achepetse mafuta, azitchula kuti akunena mafuta ati. Ndikupemphanso anamwino a ku sikelo ya amayi oyembekezera kuti pa uphungu wawo wa zakudya azitchula kapenta ndi usipa ndi mayina ake, komanso kuti mayi woyamwitsa asasiye kudya nsombazi.

Mphunzitsi wa sayansi,
Highfield, Harare