Mphindi ziwiri za George Price

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mwambo wokumbukira asilikali womwe umachitika mwezi wa Novembala. Chaka ndi chaka timaona akuluakulu atabaya duwa lofiira pachifuwa, lipenga n'kulira, ndipo 11 koloko ikakwana aliyense amangoti zii kwa mphindi ziwiri. Ine pa mphindi zimenezo ndimaganiza za mnyamata wina wa ku Canada, George Lawrence Price, yemwe ndikufuna owerenga anu amudziwe.

Price anabadwa mu 1892 ku Falmouth, m'chigawo cha Nova Scotia. Usilikali sanachite kuufunsira. Mu 1917 boma la Canada linakhazikitsa lamulo lokakamiza anyamata kupita kunkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo lamuloli linamupeza akugwira ntchito m'minda ku Saskatchewan. Anamuika m'gulu la asilikali oyenda pansi lotchedwa 28th Battalion, n'kuwoloka nalo nyanja.

Pa 11 Novembala 1918, cha m'ma 5 koloko m'mawa, akuluakulu ankhondo anasainirana pangano losiya kumenyana. Anali m'bogi ya sitima m'nkhalango ya Compiègne ku France. Koma anagwirizana kuti mfuti zisiye kulira 11 koloko, ndiye kuti panatsala maola pafupifupi asanu ndi limodzi oti anthu azingophanabe nkhani itathatha. Asilikali a ku Canada anali atangolanda mzinda wa Mons ku Belgium, ndipo gulu la Price linkapitirira chakum'mawa. Iye ndi anzake ochepa anawoloka ngalande ya Canal du Centre kulowa m'mudzi wa Ville-sur-Haine kukasecha nyumba zomwe Ajeremani ankaomberako. Akungotuluka m'nyumba ina, msilikali yemwe anabisala anamulasa pachifuwa. Anatsirizika nthawi ili 10:58. Anali ndi zaka 25.

Mphindi ziwiri zokha, Akonzi. Madzi a tiyi sawira n'komwe pa nthawi imeneyo.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti sanali yekha. Tsiku lomalizalo asilikali oposa 2,000 a mbali zonse anafa. Anthu a ku Canada nawo nkhaniyi sinawachokere msanga pamtima. Mu 1927 nyuzipepala ina ya m'tauni ya Port Hope inalemba kuti mkulu wa asilikali awo, Arthur Currie, anataya miyoyo ya anyamata pachabe ku Mons. Currie anakasuma. Ankafuna chipepeso cha madola 50,000, koma ngakhale anapambana mlanduwo mu 1928, anangopatsidwa 500. Ine ndimaona ngati oweruzawo anamuyeretsa ndi dzanja limodzi, linalo ali nalo kumbuyo.

Price anagona kumanda a St Symphorien pafupi ndi Mons, komwe Ajeremani ndi adani awo anaikidwa m'mpanda umodzi. Komweko kulinso manda a John Parr, msilikali woyamba wa ku Britain kuphedwa pankhondoyi mu Ogasiti 1914. Zaka zinayi zakukhetsa magazi, woyamba kuphedwa wa ku Britain ndi wotsiriza wa ku Canada n'kudzagona bwalo limodzi. Mu 1968 anzake a Price omwe anapulumuka anabwerera ku Ville-sur-Haine kukakhoma chikwangwani chomukumbukira, ndipo lero kamlatho ka oyenda pansi kowoloka ngalande ija kamadziwika ndi dzina lake.

Tsono chomwe ndalembera kalatayi ndi ichi. Mnyamata ameneyu dzina lake likudziwika, mudzi womwe anaferako ukudziwika, ngakhale mphindi yeniyeni. Nanga athu? Kuno kwathu nkhondo sinathe pa 11 Novembala. Mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anali akadali m'tchire la Northern Rhodesia (lero Zambia), ndipo anakagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero timati Mbala. Makolo athu ankhaninkhani anatengedwa m'midzi ya Nyasaland kukakhala amtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo mitunda italiitali. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Chipilala cha ku Zomba chimakumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali akuda lomwe linkamenyera Britain), koma wosenza katundu yemwe anagwa m'mbali mwa njira anthu ake anangomva kuti sadzabweranso.

Pempho langa n'lakuti Novembala akubwerayu mutipatseko tsamba limodzi. Atolankhani anu apite m'midzi akafunse agogo zomwe anamva kwa makolo awo za mtengatenga, alembe mayina omwe akadakumbukika ndi mudzi wa aliyense.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba