Lipoti la msonkhano wa alembi pa nkhani ya mabanja m'mabuku

A Wapampando, amayi ndi abambo a gulu lathu lowerenga kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndabwerako kutauni kumene munandituma. Ndalama ya kombi inakwana, zikomo.

Zokambirana zinayambira pa Nervous Conditions, buku la Tsitsi Dangarembga la 1988. Ena mukumukumbukira Tambu, mtsikana uja anapeza mwayi wa sukulu mlongo wake Nhamo atamwalira. Koma anthu anatayira nthawi yaitali pa Babamukuru, akulu awo a bambo a Tambu, mphunzitsi wamkulu wa pamishoni. Fizi amalipira ndi iwo, ndiye angawayankhe ndani? Masana tinamva za We Need New Names la NoViolet Bulawayo, la 2013, mmene Darling akupita ku America kukakhala ndi mchemwali wa amayi ake. Pamenepo sindinatole chachilendo, makomo athu omwewa adzaza ana oleredwa ndi agogo makolo ali ku Joni.

Nthawi ya mafunso ndinaimirira, mawondo akugwedera. Ndinawauza kuti kwa Achewa mpando wa Babamukuru umakhala wa malume, mwinimbumba, ndipo bambo pachikamwini ndi mlendo pamudzi pa mkazi wake. Tsono taganizani za agogo athu aamuna amene anachoka ku Dedza ndi ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, n'kukwatira akazi a Chishona. Kuchikazi amati mwana ndi wa kwa bambo ake. Kuchimuna, kumudzi uko, amati mwana ndi wa kwa mayi ake. Mwanayo akalire kuti? Pamwamba pa izo panabwera lamulo la unzika la 2001 lija, lokakamiza ana a anthu ochokera kunja kukana unzika wa kwawo kwa makolo awo, ambiri obadwira konkuno n'kusanduka alendo pachitupa, mpaka malamulo a dziko a 2013. M'mabuku onse amene anatchulidwa tsikulo, banja lotere silinatulukemo.

M'holomo munangoti zii. Potuluka, mlembi wina wachitsikana anandigwira mkono kuti ndimufotokozere ntchito ya ankhoswe, ndipo analemba zonse m'kope.

Akufuna kudzacheza nafe. Sindinamulonjeze, ndinati mpaka akuluakulu avomere. Mukavomera, a Wapampando, ndikupempha kuti tsikulo tidzaitane agogo otsalawo adzalankhule okha, chifukwa za chikamwini ine ndimangomva kwa amayi.