Si nkhuku iliyonse yodzandira imene ili ndi chitopa

Akonzi,

Ndiloleni kamalo m'nyuzipepala yanu. Ine ndi mayi wachikulire, ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, koma kuno ndinabwera ndili mtsikana ndipo ana anga onse ndaberekera konkuno. Nyuzipepala yanu ndimawerenga pa foni ya mdzukulu wanga, ndipo ndi iyeyo akundithandiza kutaipa kalatayi. Nkhani yanga ndi ya kankhuku kamodzi. Ena anena kuti ndi nkhani yochepa, koma kwa ife oweta nkhuku zisanu kapena khumi kuseri kwa nyumba, nkhuku ndiyo sopo, ndiyo ndalama ya kombi, ndiyonso ulemu wathu akabwera mlendo.

Thadzi langa, la mtundu wa zachikuda zomwe anzathu kuno amati roadrunner, linaswa anapiye asanu ndi awiri kumayambiriro kwa May. Bwalo langa ndi laling'ono, ndipo amphaka ndi akabawi sapereka mpata, choncho anapiyewo ndinkawatsekera m'khola tsiku lonse. Chakudya chawo chinali madeya a kuchigayo basi, m'mawa madeya, madzulo madeya. Ndinkati bola akukhuta.

Tsiku lina pakati pa June, kukuzizira kuja kumati ukagwira ndowa zala zimauma, ndinatsegula khola. Anapiye asanu ndi mmodzi anathamangira chakudya, kamodzi kanatsala pakona. Kataona anzake akudya kanadzuka, kuponda kawiri, n'kugwera kumbali. Kanadzukanso kakudzichirikiza ndi phiko pansi ngati nkhalamba pa ndodo, kenaka kanangokhala pa mawondo miyendo itatambasukira kutsogolo. Nditakanyamula ndinaona kuti zala zake zapindikira mkati ngati kafumbata kanthu. Koma maso ali gwa, mutu uli chilili, ndipo nditakayandikizira madeya pachikhatho kanajompha mwaphuma mpaka kundigwira khungu.

Mayi wina woyandikana naye, mnzanga wa kumpingo, anasuzumira pampanda. Sanachedwe: “Amayi, chimenecho ndi chitopa. Kameneko katayeni, ndipo zikuluzikuluzo thamangirani nazo kumsika lero lomwe zisanayambe kugwa.” Analankhula mondifunira zabwino, ndikudziwa. Koma malangizo amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi, chifukwa ndawamva moyo wanga wonse, ku Dedza ndi kuno komwe, ndipo amatipweteka pawiri. Ngati si chitopa, wataya nkhuku yoti ikanachira. Ngati ndi chitopadi, watenga matenda m'khola mwako n'kukawagulitsa kwa mayi mnzako amene sanakulakwire kanthu, iye n'kukawatula pakati pa nkhuku zake.

Chitopa ine ndikuchidziwa. Ndili mwana chinkatilowa kwambiri nyengo yotentha, cha m'ma September ndi October. Nkhuku imazyolika, mapiko ali lende, akuluakulu n'kumati yavala jekete. Imatsegula kukamwa popuma, zitosi zake zimakhala zamadzi zobiriwira, ina imapotoka khosi mutu n'kuyang'ana kumwamba kapena kuzungulira malo amodzi. Ndipo chitopa sichigwira nkhuku imodzi n'kuleka. Lero ziwiri, mawa zisanu, sabata isanathe khola lili pululu. Kanga kaja kanalibe chilichonse mwa izi kupatula kudzandira.

Ngakhale zinali choncho ndinakapatula nthawi yomweyo, pakuti sindine dokotala. Ndinakaika m'katoni, pansi ndinayala chiguduli ndi udzu wouma, pambali botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza. Katoniyo ndinaika m'kachipinda kosungiramo makasu, kutali ndi khola. Ndinkayamba kudyetsa zamoyo, kodwalako pomaliza, kenaka kusamba m'manja ndi sopo. Kupatula kumathandizanso pa china: nkhuku zilibe chisoni ndi inzawo yofooka, zimaijompha ndi kuipondaponda, ndipo pa chakudya siifika.

Safunsa anadya phula. M'mawa mwake ine ndi mdzukulu wanga tinakwera kombi kupita m'tauni ku sitolo ina ya mankhwala a ziweto kumene kumakhala a vetenale. Kankhukuko sitinakatenge. Mwanayo anati, “Agogo, tisayende nako m'kombi, ngati kali ndi matenda tiwamwaza njira yonse.” Anangokajambula vidiyo pa foni kakuyesa kuyenda, anajambulanso zala zake ndi zitosi. Nzeru imeneyi ndikuipereka kwa aliyense.

Bambo amene tinawapeza anaonera vidiyo ija kawiri, n'kuyamba kundifunsa ngati kukhoti. Kali ndi masabata angati? Asanu ndi limodzi. Kamadya chiyani? Madeya. China? Palibe. Kamatuluka kukatola ziwala ndi udzu? Ayi. Zilipo zina zodwala kapena zakufa? Mwabweretsa nkhuku yachilendo posachedwa? Madeyawo sananyowe n'kuchita nkhungu? Nditayankha zonse anati, “Gogo, nkhuku kudzandira ndi chizindikiro chabe, monga mutu kuwawa kwa munthu. Zoyambitsa ndi zambiri.”

Zimene anandifotokozera ndi zimene ndikufuna owerenga anzanga amve. Mwanapiye akasowa vitamini B2 m'thupi, mitsempha ya m'miyendo imafooka, zala zimapindikira mkati, amayendera mawondo, koma njala amakhala nayo. Akasowa vitamini E amadzandira n'kumagwa chagada, khosi nthawi zina kupotoka, mwakuti munthu angalumbire kuti ndi chitopa. Alipo matenda ena otchedwa Marek, dzina la dokotala wa ku Hungary, József Marek, amene anawafotokoza koyamba mu 1907. Amenewa amakonda misoti ndi atambala ang'onoang'ono, amapha miyendo pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri nkhuku imagona mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo. Amafalikira ndi fumbi la nthenga, alibe mankhwala, katemera wake amabaya mwanapiye tsiku lomwe waswedwa. Ndiye pali poizoni wa m'zinthu zoola: nkhuku ikadya mphutsi za pa khoswe kapena galu wakufa imatha kulefuka miyendo, mapiko, mpaka khosi kugwa ngati chingwe. Enanso ndi apafupi, monga chotupa pansi pa phazi, kapena thadzi loikira kwambiri limene mafupa ake afooka chifukwa chosowa zolimbitsa mafupa.

Sanandinamize kuti akudziwa motsimikiza. Anati pa vidiyo ndi pa nkhani ya madeya ija akuganizira kwambiri za vitamini, koma Marek sangamuchotseretu. Anandigulitsa kapaketi ka mavitamini a nkhuku osungunula m'madzi ndi chakudya cha anapiye cha kusitolo makilogalamu awiri. Anati ndiyese kwa sabata, ndipo ina ikangoyamba kudwala, kapena ndikaona zitosi zobiriwira ndi kubanika, ndidziwitse ofesi ya zaziweto msanga, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame si matenda obisa. Tonse kuno tikukumbukira 2017, pamene chimfine chimenechi chinagwa pafupi ndi Harare pompano nkhuku zambirimbiri n'kuphedwa.

Ndinabwerera kunyumba mtima ukundiwawa, chifukwa ndinazindikira kuti kanthu kaja kanalumala ndi dzanja langa. Kumudzi timaipatsa nkhuku madeya okha inde, koma imaswera kutchire, kudya chiswe, ziwala, nyongolotsi, nsonga za udzu. Ife a m'tauni tatenga madeya a kumudzi koma tchire talisiya. Nkhuku yotsekeredwa imadya chokhacho chimene mwini wake waika m'mbale.

Ntchito yeniyeni inali yodwazika. Mavitamini ndinkasungunula monga mwalembedwera papaketi, madzi atsopano tsiku lililonse, ndipo anapiye enawo ndinawapatsanso. Kodwalako ndinkakaphikira dzira, kulinyenya, kusakaniza ndi chakudya cha kusitolo chija chonyowetsa pang'ono, matemba osinja, ndi masamba a bonongwe kapena chisoso oduladula. Kanayi patsiku. Usiku ndinkagwira chithokomiro chake kuona ngati chadzaza, m'mawa kuona ngati chaphwa.

Pa madzi ndichenjeze. Ambirife timakonda kuikanula nkhuku kukamwa n'kuthira madzi kapena mankhwala ndi supuni. Kabowo kopumira kali kumbuyo kwa lilime pomwepo, madzi akalowa mmenemo nkhuku imatsamwa, mwina kufera m'manja mwako. Ine ndinkangoviika nsonga ya mlomo wake m'kachivundikiro ka botolo, iko n'kumakweza mutu kumeza kokha. Mbale yakuya sindinaisiye m'katoni, chifukwa nkhuku yosatha kuima ikagweramo chamutu siingadzuke.

Vuto lina linali loti kankangogona mbali imodzi m'zitosi zake, nthenga za pamimba n'kunyowa, m'chisanu cha June. Apa mdzukulu wanga anapanga chinthu chimene chinandigometsa. Anatenga chitenje changa chakale, anaboola mabowo awiri a miyendo ndi lachitatu kumbuyo la zitosi, n'kuchikunga pamwamba pa kadengu ndi mapegi oyanikira zovala. Kankhuku kaja tinakakhazika mmenemo ngati mwana pa mbereko, thupi lili pa nsalu, mapazi akungokhudza pansi. Kutsogolo anamangirira tizitini tiwiri, ka madzi ndi ka chakudya. Tsiku loyamba kanaphupha ndithu, koma kataona chakudya pamlomo kanadekha. Tinkakasiya mmenemo maola awiri kapena atatu, kenaka kukatsitsa kuti kapume, osakasiya kopanda wokayang'ana. Dzuwa likatuluka ndinkatulutsa denguyo pakhonde, ndili pambali ndikusankha nyemba. Zala zija ndinkaziwongola pang'onopang'ono ndi chala changa, ndipo phazi lakumanzere, limene linapindika kwambiri, tinalipangira kansapato ka katoni, zala zitatambasulidwa n'kumatidwa ndi pulasitala.

Masiku atatu oyamba panalibe kusintha. Mnzanga uja ankafunsa pampanda, “Kafa?” Ndinkati ayi. “Nanga zinazo?” Zili bwino. Tsiku lachisanu ndinapeza kataima m'katoni, miyendo ikunjenjemera, kwa kanthawi kochepa, kenaka kanakhala. Ndinaitana mwana uja mokuwa ngati kwagwa chinthu. Tsiku lachisanu ndi chinayi kanayenda kuchoka pakhomo kufika pa mtondo, kugwa kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha masabata atatu, zinzake zonse zili bwinobwino, ndinakabwezera m'khola madzulo kutada kuti zisakazunze kwambiri.

Sindikunena kuti nkhuku iliyonse yodzandira idzachira ndi dzira ndi chitenje. A vetenale aja anandiuza poyera kuti ikakana kudya, ikamaonda mpaka fupa la pachifuwa kuthwa ngati mpeni, miyendo ikamafera mtsogolo sabata ndi sabata, chifundo ndi kuipha msanga n'kuikwirira dzenje lakuya lomwe agalu sangafukule, kapena kuitentha. Osaidya, osaiponya kudzala. Ndinali wokonzeka kutero. Chimene ndikukana ndi kuweruza nkhuku usanaiyang'ane n'komwe. Ndikukananso chizolowezi chotsegula makapisozi a anthu n'kuthira m'madzi a nkhuku. Chitopa ndi Marek zimayamba ndi mavairasi, makapisozi saziletsa, sabwezeranso vitamini amene akusowa, ndipo mankhwalawo amatsalira m'mazira ndi m'nyama zimene tikudyetsa ana athu. Alovera ndi tsabola nanenso ndinakulira momwemo, koma sindinaonepo zikuimitsa chitopa chikalowa pamudzi.

Choimitsa chitopa ndi katemera, nkhuku zisanadwale. Abale a ku Malawi muli ndi mwayi wa katemera wa I-2 amene amapangidwa ku Lilongwe konko: kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono, miyezi inayi iliyonse. Kuno m'masitolo timapeza wa La Sota, amene amafuna kusungidwa pozizira ndipo ukamusungunula uyenera kumaliza pasanathe maola awiri. Kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zochuluka kuposa za khomo limodzi, choncho amayi a mumzere wathu tinasonkha, tinatemera tsiku limodzi mu August kutentha kusanayambe. Mnzanga wa pampanda uja ndi amene anayenda khomo ndi khomo kutolera ndalama.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi loti mutipatseko tsamba, ngakhale kamodzi pamwezi, pomwe a vetenale azifotokoza matenda a nkhuku m'Chichewa chomveka, ndi zithunzi zoonetsa kusiyana kwa khosi la chitopa, miyendo ya Marek ndi zala zopindika za njala ya vitamini. Zolemba pa mapaketi a mankhwala zili m'Chingerezi, tizilembo take tating'onoting'ono, pamene oweta nkhuku zachikuda ambiri ndi ife amayi ndi agogo. Ine ndinali ndi mdzukulu wa foni ndi ndalama ya kombi. Ambiri alibe zonse ziwiri.

Kankhuku kaja tsopano ndi msoti wamawangamawanga, ndipo mdzukulu wanga amautchula Nachitenje. Chala chimodzi cha kumanzere sichinawongoke, umayenda motsimphina pang'ono, ndipo pa mtanda wa pamwamba sufika, choncho ndinaukhomera wake m'munsi. Masana ndimazitsegulira zonse kwa ola limodzi kuti zipalase m'kadimba ka kuseri ine ndili pomwepo ndi kandodo. Sabata yatha, December atangoyamba, ndinaupeza uli m'dengu lomwe lija, ndipo utachoka munali dzira lake loyamba, laling'ono, lofunda.

Ndine wowerenga wanu,
Gogo wa ku Mabvuku, Harare