Kalata kwa mkonzi: Chinyanja ndi Chipwitikizi zitithandize kuphunzitsa "in which" ndi "to whom"

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za kachigawo kamodzi ka malamulo a Chingerezi, kamene kamaoneka kochepa koma kakupunthwitsa achinyamata ambiri a chigawo chathu cha Tete akamalemba makalata ofunsira ntchito ndi malipoti a kuntchito. Ndaphunzitsa Chingerezi kusekondale kuno ku Angónia kwa zaka zambiri, ndipo amene ndinawaphunzitsa amabwerabe kunyumba kwanga ku Ulónguè atanyamula kalata yopita kumigodi ya malasha ku Moatize, kumakampani a magalimoto a katundu odutsa pachipata cha Zóbuè, kapena kumabungwe othandiza ophunzira kupita kunja. Chigawo chathu chachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, dziko lathu la Mozambique linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, choncho mwana wa kuno amene akufuna ntchito yolemba m'ofesi sangachithawe Chingerezi.

M'makalata amenewa ndimapezamo kawirikawiri chiganizo chonga ichi: "the company which I worked for it". Pena ndimapeza "the manager whom I spoke with him". Mphunzitsi wothamanga amangodula ndi cholembera chofiira n'kupitirira, koma ine ndikaona chiganizo chotere ndimamva Chinyanja chathu chikulankhula pansi pake. Ife timati "munthu amene ndinalankhula naye", ndipo "naye" ameneyu ndi "na" ndi "iye" ataphatikana. Timatinso "nyumba imene ndimakhalamo", "mpando umene anakhalapo", "mudzi umene tinapitako". M'chilankhulo chathu, munthu kapena chinthu chimene tachitchula poyamba chimabweranso kumapeto m'timawu ta "naye", "nacho", "mo", "po" ndi "ko", ndipo popanda timawu timeneti chiganizo chimamveka chopereŵera. Ngakhale Chipwitikizi cha pamsika chimatsata njira yomweyi, pakuti timamva anthu akunena kuti "o homem que falei com ele". Mwana wolemba "with him" kumapeto sakulakwa chifukwa cha ulesi. Akutsata mokhulupirika dongosolo limene anayamwira, ndipo palibe amene anamuuza kuti m'Chingerezi liwu la "whom" kapena "which" lalowa kale m'malo mwa "him" kapena "it", kotero kuti kulibwerezanso n'kutchula munthu mmodzi kawiri.

Chingerezi chili ndi njira zolondola zingapo zonenera ganizo limodzimodzi. Munthu angathe kulemba "the company I worked for", kapena "the company that I worked for", kapena "the company for which I worked". Zonsezi ndi Chingerezi chabwino. Kusiyana kwake n'kwakuti njira yomalizayi, imene mperekezi (liwu monga "for", "with" kapena "in") amakhala patsogolo pa "which" kapena "whom", ndiyo imene imamveka yaulemu ndi yolemerera, yoyenera kalata ya ntchito, mgwirizano wa malonda kapena lipoti lopita kwa akuluakulu.

Apa ndi pamene ndikuona kuti tikutaya chuma chimene tili nacho m'manja. Mwana wa ku Tete amene wadutsa m'makalasi a Chipwitikizi amadziwa kale kulemba "a empresa para a qual trabalhei" ndi "o gerente com quem falei". Chipwitikizi cholembedwa bwino sichisiya mperekezi kumapeto kwa chiganizo, ndipo dongosolo lake ndi lofanana ndendende ndi la Chingerezi cha m'maofesi: "para a qual" ndi "for which", "com quem" ndi "with whom", "em que" ndi "in which". Mnzake wa tsidya lina la malire, ku Dedza kapena ku Ntcheu, alibe mlatho umenewu, koma wathu ali nawo, ngakhale kuti m'kalasi la Chingerezi sitimuonetsa. Timaphunzitsa chilankhulo chilichonse pachokhapachokha ngati kuti mutu wa mwana uli ndi zipinda zitatu zosalowana.

Mlathowu uli ndi matabwa ake oterera, ndipo ndi bwino kuwatchula. Liwu la Chipwitikizi lakuti "que" ana amalimasulira kuti "that", choncho amalemba "the house in that I live". Chingerezi sichilola zimenezi: mperekezi akakhala patsogolo, wotsatira ayenera kukhala "which" ngati tikunena za chinthu, ndi "whom" ngati tikunena za munthu. Liwu la "who" nalonso silikhala pamenepo, ndiye chifukwa chake kalata yopita kwa munthu wosadziwika dzina imayamba ndi "To whom it may concern".

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi kusankha mperekezi woyenera, chifukwa mperekeziyo amalamulidwa ndi mneni wa m'chiganizo, ndipo aneni a zilankhulo ziwirizi sayenda ndi aperekezi ofanana nthawi zonse. Chipwitikizi chimati "depender de", choncho mwana amalemba "the supplier of whom we depend", pamene Chingerezi chimati "depend on" ndipo chiganizo cholondola ndi "the supplier on whom we depend". Chimodzimodzi "casado com" ndi "married to". Njira imene ndimawapatsa ophunzira anga ndi yosavuta. Ndimawauza kuti ayambe alemba ganizolo m'chiganizo chachifupi choima pachokha, monga "we depend on the supplier", kuti mperekezi weniweni aonekere. Kenako anyamule mperekeziyo n'kumuika patsogolo pa "whom" kapena "which", ndipo pomaliza awerenge kuti mperekeziyo waoneka kangati. Ayenera kuoneka kamodzi kokha. Ndikunena izi chifukwa amene angophunzira kumene njira yaulemuyi amakonda kulemba "the project on which I worked on", mperekezi kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo cholakwa chimenechi chimaoneka msanga kwa wowerenga aliyense.

Ndili ndi dandaulo linanso kwa aphunzitsi anzanga amene amauza ana kuti chiganizo cha Chingerezi sichiyenera kuthera ndi mperekezi. Limeneli si lamulo lenileni la chilankhulocho. Linatchuka ndi anthu ophunzira a ku England amene ankayeza Chingerezi ndi muyezo wa Chilatini. Mu 1672 mlakatuli John Dryden anadzudzula mlembi wa masewero Ben Jonson chifukwa cha ziganizo zothera ndi mperekezi, ndipo mu 1762 Robert Lowth, m'buku lake la galamala, ananena kuti kuika mperekezi patsogolo kumayenerera zolemba zolemekezeka, komabe anavomereza kuti kumusiya kumapeto ndi chizolowezi cha chilankhulocho. Tikasandutsa uphungu wa kalembedwe kukhala lamulo lachitsulo, ana amatulutsa ziganizo zimene mwini Chingerezi sanganene. Pali aneni monga "put off" ndi "carry out" amene kachidutswa kawo kachiwiri sikapita patsogolo pa "which" kapena "whom". Munthu amalemba "the meeting which we put off" ndi "the repairs which we carried out", ndipo kukokera "off" kapena "out" kutsogolo n'kuthyola chiganizo.

Kumbali ina, alipo malo amene mperekezi sangachoke patsogolo, ndipo ndi malo omwewa amene wolemba lipoti amawafuna tsiku ndi tsiku. Kalaliki wowerengera antchito kapena katundu adzafuna kulemba "the drivers, some of whom come from Moatize" kapena "the bags of maize, most of which were wet", osaiwala mpatuliro patsogolo pa "some" ndi "most". Mawu monga "the extent to which" ndi "the meeting during which" nawonso amayenda choncho. Mwana amene waphunzira zimenezi amatha kulumikiza mfundo ziwiri m'chiganizo chimodzi chosalala, m'malo modukiza tiziganizo tatifupitifupi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a Chingerezi m'maboma athu a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, komanso kwa amene amasula aphunzitsi atsopano. Tsiku lophunzitsa mutu umenewu, gawani bolodi patatu. Kumanzere lembani "munthu amene ndinalankhula naye", pakati "o homem com quem falei", kumanja "the man with whom I spoke", kenako funsani ana okha kuti aloze pamene "na" wa m'liwu la "naye" wapita m'mizere iwiri inayo, ndi pamene "iye" wathera. M'kalasi langa ndaona kuti mwana akaloza yekha ndi chala, mawa lake "with him" uja sabweranso kumapeto kwa chiganizo chake.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Chingerezi,
Ulónguè, Angónia