Mphunzitsi asatuluke ku koleji asanathandizepo mwana wotsalira

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za mmene makoleji akukonzera aphunzitsi athu a mawa. Ndagwira choko zaka zambiri ndipo achinyamata obwera pa tichingi pulakitisi ndawaona ochuluka, amafika atakonzeka ndithu, lesoni pulani yolembedwa bwino, matchati okongola, koma mukawayang'anitsitsa mupeza kuti akuphunzitsa ana asanu akutsogolo okonda kukweza manja aja basi, wakumbuyo uja wangoti duu kudikira kukopera za mnzake.

Sikuti ndikuwanena ayi. Kungoti palibe anawaonetsapo mmene amawerengera cholakwa cha mwana. Tsiku lina mtsikana wina wa pulakitisi anandibweretsera kope atakhumudwa, akuti "madamu, mwana uyu masamu samulowa, ndamupatsa ziro katatu konse." Nditayang'ana ndinapeza 52 kuchotsa 17 walemba 45, kenako 83 kuchotsa 47 walemba 44. Mwanayu sankalota mayankho, anali ndi lamulo lakelake, pa mzere uliwonse ankachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, 7 kuchotsa 2, kenako 5 kuchotsa 1. Chomwe chinamudutsa ndi kubwereka khumi, chokhacho basi. Tinamanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi, iye n'kumasula yekha mtolo umodzi kuti apeze pochotsa 7, mmene sabata imatha anali akukhoza. Ziro zija zikanapitirira bwenzi pano akudziwika kuti ndi mbuli, ndipo mwana akangovomera dzina limenelo kumuchotsamo ndi ntchito yaikulu.

Kuwerenganso ndi chimodzimodzi. Wina amasokoneza b ndi d, wina amadziwa zilembo koma kuzilumikiza kuti zipange liwu kumamukanika, wina waloweza tsamba lonse ndipo mukaphimba chithunzi waima pomwepo. Palinso amene sakuona pa bolodi kapena samva bwino, ameneyo akufunika kukhala kutsogolo ndi kukapimidwa, osati kukalipiridwa. Onsewa mu rejisitala amangooneka ngati "olephera" pomwe aliyense akufunika thandizo lake.

Mu 1984 katswiri wa maphunziro wa ku America, Benjamin Bloom, analemba kuti ophunzira omwe ankaphunzitsidwa payekhapayekha ankakhoza kuposa pafupifupi anzawo onse a m'kalasi wamba. Ndikudziwa ena anena kuti kalasi yodzadza mungayambire pati, zoona, koma bungwe la Pratham ku India linaonetsa njira yotheka, kuwayesa ana mwachidule kenako n'kuwagawa m'magulu potengera zomwe akutha osati kalasi yomwe ali, ndiye mphunzitsi amayambira pomwe mwana waima.

Pempho langa kwa oyendetsa makoleji ndi ili, wophunzira uphunzitsi aliyense akamapita ku pulakitisi apatsidwe ana awiri kapena atatu otsalira, azikhala nawo mphindi 20 katatu pa sabata teremu yonse, azilemba pomwe anawapeza, zomwe anayesa, zomwe zinakanika. Ndipo a lekichala akabwera kudzayendera asangokhala kumbuyo ndi fomu kuchonga ngati deti yalembedwa pa bolodi, aitanitse makope a ana ajawo, aone tsamba loyamba ndi lomaliza, malikisi ena achokere pamenepo.

Ndine,
Mphunzitsi wopuma pantchito