Robin Sharma ndi ife amene timagona dzuwa likamatuluka

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo zanga pa Robin Sharma, mlembi wa ku Canada amene mabuku ake amakondedwa kwambiri ndi mabwana. Ine ndine namwino, ndipo ndagwira ntchito ya usiku kwa zaka zambiri. Buku lake loyamba kuliwerenga sindidagule ayi, adandipatsa ndi wotiyang'anira atangobwera kumaphunziro a utsogoleri, nkhope ili ngwee ngati wapeza mankhwala a matenda onse.

Ulemu wake ndimupatse kaye. Sharma adali loya, koma pambuyo pake adasiya ntchitoyo n'kukhala mlembi. Mu 1994 adadzisindikizira yekha buku lotchedwa MegaLiving. Lomwe lidamutchukitsa, The Monk Who Sold His Ferrari, nalonso adayamba walitulutsa yekha kampani ya HarperCollins isanalitenge. M'bukumo muli Julian Mantle, loya wolemera amene adagwa m'khoti mtima utamuvuta, kenako adagulitsa chuma chake, ndi galimoto yapamwamba ya Ferrari yomwe, n'kupita kumapiri a Himalaya kukafuna nzeru. Bukuli lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo mwini wake tsopano amayenda m'mayiko kuphunzitsa akuluakulu a makampani. Munthu woyamba ndi kugulitsa yekha mabuku ake n'kufika pamenepo, wakhetsa thukuta.

Ena mwa akatswiri ounika mabuku sadamukonde kwenikweni. Amati anthu a m'nkhani zake ali ngati zidole zongotsegula pakamwa kuti chiphunzitso chituluke, ndipo nzeru zake n'zakale, wangozivekanso malaya atsopano. Choyambacho n'choona, ndidatopa nawo ine anthu osakwiya, osaiwala, ongoyankhula mawu okoma. Chachiwiricho sichindivuta. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ngati wina afunika nthano ya Ferrari kuti amve kuti ntchito ingamuphe, amve basi.

Changa chili pa buku la mu 2018, The 5 AM Club. Limati munthu adzuke 5 koloko m'mawa, ola loyambalo aligawe patatu: mphindi 20 zolimbitsa thupi, 20 zosinkhasinkha, 20 zophunzira. Akonzi, 5 koloko imandipeza ine ndili chilili, ndikuyeza odwala ndi kulemba lipoti loti ndisiyire anzanga a m'mawa. Mlonda, woyendetsa galimoto za mtunda wautali, mayi woyamwitsa khanda, onsewa ali maso pa ola limenelo, koma ola si lawo. Kalabu imeneyi ndi ya anthu amene nthawi yawo amailamulira okha.

Kunena chilungamo, Sharma mwiniwake amalembamo kuti tulo n'tofunika ndipo munthu azigona msanga. Koma ambiri amangonyamula mutu wa bukulo. Bungwe la madokotala a za tulo ku America, American Academy of Sleep Medicine, limati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Ndiye kuti wodzuka 5 koloko ayenera kukhala atagona pofika 10 koloko usiku. Wogona pakati pa usiku n'kudzuka 5 chifukwa buku latero akungodzibera tulo. Komanso matupi athu sayendera wotchi imodzi: ena amachangamuka m'mawa, ena madzulo, ndipo mbali ina ya zimenezi ndi chibadwa. Mphoto ya Nobel ya zamankhwala ya mu 2017 idapita kwa Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young chifukwa chofotokoza mmene wotchi ya m'thupiyi imagwirira ntchito. Nanga bwanji mnzanga wovutika kudzuka azitchedwa waulesi?

Buku lomwe ndidapatsidwa lija ndi la mu 2010, The Leader Who Had No Title. Mfundo yake ndi yakuti utsogoleri sudikira udindo. Imeneyi ndimaikhulupirira ndi mtima wonse, poti ndidaiona ndi maso. Pali mayi wina wokolopa m'wodi amene odwala amamumvera kuposa ife, ndipo akaona wina wasiya kudya, amatiuza tisanazindikire. Koma taonani mmene bukuli lidatifikira. Patangopita milungu yochepa, ndidauzidwa kuti ndiziyang'anira anzanga usiku, kukonza ndandanda ya ntchito ndi kuyankha pakalakwika kanthu. Nditafunsa za malipiro, adandimwetulira n'kundikumbutsa kuti mtsogoleri weniweni safuna udindo. Mawu a mlembi adasanduka chingwe chondimangira ine, pamene wondipatsa bukuyo udindo wake ndi malipiro ake adazisunga bwinobwino.

Mlanduwo si wa Sharma yekha, komanso sangasambe m'manja. Amene amamuitana kukayankhula ndi eni makampani, ndipo uthenga woti wantchito adzikonze yekha umawakomera kuposa woti alembe anthu okwanira.

Pempho langa n'lakuti mukamalemba za alembi otere, musamangofunsa mabwana amene adapindula nawo. Tifunseninso ife amene tidapatsidwa mabukuwo. Ine ndidatolamo mphindi 20 zowerenga zija, ndipo ndimazisunga mpaka lero. Kungoti kwa ine zimagwa cha m'ma 3 koloko masana, ndikangodzuka.

Ine wanu,
Namwino wa usiku