Tidye fayiba, osati kudzipha ndi njala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene akufuna kuchepetsa thupi. Mchemwali wanga ankagona ndi njala, koma m'mawa ankadya kuwirikiza. Zinthu zinasintha atayamba kudzaza theka la mbale ndi masamba ndi nyemba, ndi kudya zipatso ndi makoko ake omwe. Zakudya zimenezi zili ndi fayiba, mbali ya chomera imene thupi siligaya. Imakhalitsa m'mimba, ndiye munthu sumva njala msanga.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi khansa ya m'matumbo aakulu. Fayiba imathandiza kuti chimbudzi chizituluka mofewa ndiponso mwamsanga, choncho zoipa sizichedwa m'matumbo. Mabakiteriya abwino a m'matumbomo amadyanso fayiba yomweyo n'kupanga zinthu zoteteza khoma la matumbo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu a fayiba osachepera 25 patsiku. Ambirife sitifikako.

Muonjezere fayiba pang'onopang'ono ndipo muzimwa madzi ambiri, apo ayi mimba imafufuma. Chonde, mukaona magazi m'chimbudzi, musadalire zakudya zokha. Thamangirani kuchipatala.

Ine wanu,
Wowerenga